Tebulo la chinkhoswe: ntchito ya mmisiri wa ku Chinamwali amene anaphunzirira kundende

Ndadikira dala miyezi inayi ndisanalembe izi. Tebulo latsopano lililonse limakongola tsiku lofika, vanishi amabisa zambiri. Mayeso ake enieni ndi dzinja la kuno ku Zomba, chinyezi chikatsika m'phirimu n'kulowa m'nyumba, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Pano tili mu Januwale, mvula yagwa yokwanira, ndiye nditha kunena zimene ndaona.

Ndinkafuna tebulo lodyerapo la anthu 6 ndi mipando yake. Mwana wathu wamkazi woyamba anali ndi chinkhoswe kumapeto kwa Ogasiti, ndipo akuchimuna ochokera ku Ntcheu amayenera kudyera m'nyumba mwathu ku Matawale. Tebulo lathu lakale, limene tinagula mu 2004, linali litafumbwa mwendo umodzi moti tinkatsamiritsa ndi katoni wopinda. Ndinazungulira m'mashopu a m'tauni, koma ambiri ali ndi matebulo aja a utuchi wopanikiza, onyezimira pamwamba, amene ukangotayirapo tiyi kawiri amafufuma ngati mandasi. Mnzanga wina amene timaphunzitsa sukulu imodzi ndi amene anandilozera kwa mmisiri wina ku Chinamwali. Atandifotokozera njira, anatsitsa mawu n'kuti, "Koma ndikuuziretu, munthuyo anakhalako kundende. Ntchitoyo anaphunzirira komweko."

Dzina lawo sinditchula. Anandilola kufotokoza nkhani yawo koma anati dzina likhale, ali ndi ana kusukulu. Ndipo ndiulule kuti ndinapitako mtima uli kuwiri. Mu 2017 akuba anathyola zenera kwathu tili ku tchalitchi, n'kutenga TV ndi makina osokera a Singer amene malemu mayi anga anandisiyira. TV tinagula ina. Makina aja mpaka lero ndikawakumbukira pakhosi pamandiwawa.

Malo awo ndi shedi ya malata akale, pansi pali utuchi wofika m'kakolo, anyamata awiri ophunzira ntchito, ndi kawailesi kopachika pamsomali. Chimene chinayamba kundikopa ndi mmene anandikanizira matabwa amene ndinaloza. Ine ndinaloza paini woyera bwino amene anali pakhomo, poti ndi wotchipa. Iwo anatenga thabwa limodzi n'kundipatsa.

"Madamu, taliikani patsaya."

Ndinaliika. Linali lozizira ngati botolo lochokera mufiriji.

"Limeneli latsika m'phiri sabata yatha, madzi akadali thoo. Ndikakupangirani lero, pofika Khirisimasi tebulo lanu likhala ngati bwato."

Anandilowetsa kuseri kumene anasanja matabwa ena, pakati pa thabwa ndi thabwa ataikapo timitengo kuti mphepo izidutsa. Anagogoda limodzi ndi chala, linalira mopepuka, ndipo patsaya silinazizire. Tinagwirizana kuti pamwamba pakhale mbawa, miyendo ndi mipando ikhale ya paini wouma. Anayambira K620,000, tinatsikirana mpaka K580,000, kuphatikizapo madilowa awiri osungiramo masipuni. Ndinapereka theka pa Airtel Money, iwo analemba m'kope lawo ndi kundilembera kapepala kanga, tonse tinasainira. Anati masabata atatu.

Anatenga masabata asanu. Ichi ndiye cholakwa chachikulu chimene ndingawanenere, ndipo amene muli ndi tsiku la ukwati kapena chinkhoswe muwonjezereko masabata awiri pa zimene angakulonjezeni. Makina opalira matabwa alibe awoawo, amakapalitsa kwa munthu wina, ndiye magetsi akathima kapena kukakhala mzere ntchito imaima. Zimenezo ndikanamvetsa akanandiuza. Koma sabata yachinayi foni yawo inazima masiku awiri athunthu. Usiku wachiwiriwo sindinagone. Ndinkangowerengera K290,000 yanga, mawu a mnzanga aja akubwerera m'mutu, bambo a kunyumba nawo akungoti, "Ndinanena ine."

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Chinamwali, mawu oti ndikalankhule nditakonzeratu. Ndinawapeza atawerama pa thabwa langa la mbawa akulikwecha ndi sandipepa, miyendo inayi itaima kale pambali. Mwana wawo wamng'ono anagonekedwa kuchipatala ndi malungo, foni inathera moto komweko. Anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha n'kumwetulira.

"Madamu, mumati ndathawa nazo eti?"

Ndinakana, koma bodza langa silinapite patali. Anandikokera kampando n'kupukuta utuchi ndi chipewa chawo, ndinakhala pansi manyazi atandigwira.

Inali nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Tili chikhalire, lole ya chipani china inadutsa pamsewu waukulu, zimkuzamawu zili pokopoko, anyamata atapachikika m'mbali. Pofuna kuthawa nkhani ya manyazi anga ndinafunsa ngati analembetsa. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kachiphaso kokulunga m'pulasitiki ya shuga. "Ndinalembetsa chaka chatha. Koma voti yanga yoyamba ndinaponyera mkati, mu 2019."

Ine ndagwirapo ntchito ya ukalaliki pachisankho kawiri, mu 2014 ndi 2019, monga amachitira aphunzitsi ambiri. Ndinkadziwa kuti kundende kumakhalanso malo oponyera voti, koma ndinali ndisanaganizepo kuti pamzere umenewo pamaima munthu wa nkhope yakeyake. Anandiuza okha mlandu wawo, ine osafunsa: anathyola golosale ndi anzawo awiri mu 2015, anawapatsa zaka 7, anatuluka kumayambiriro kwa 2020 atawachotserako gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha khalidwe labwino, monga lamulo limalolera. Sanadziyeretse. Anangoti, "Tinaba, madamu. Palibe anatinamizira."

Za tsiku la voti anafotokoza manja akugwirabe ntchito. Anati kundende munthu umawerengedwa tsiku lililonse, ndipo powerengedwa mumanjuta pamzere. Pa 21 Meyi 2019 anakhalanso pamzere, koma choimirira. Atafika patebulo, kamtsikana kena kakalaliki kanati, "Dzina lanu ndani, bambo?" Apa anasiya sandipepa. "Bambo, madamu. Ine." Ndinakumbukira kuti tsiku lomwelo ine ndinanena mawu omwewo kambirimbiri pasukulu ina, pakamwa pakungoyenda pokha, maganizo ali pa alawansi.

Kenaka anawapatsa mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, n'kuwalozera kokachongera. Chimene ananena apa sindidzachiiwala. Anati zaka zinayi anali asanakhalepo okha, ngakhale kuchimbudzi, ngakhale kutulo, poti m'selo mumagona mothithikana, wina akafuna kutembenuka mutembenuke nonse. Ndiye m'kamalo kobisika kaja anachedwamo dala. Anawerenga dzina lililonse, anayang'ana chithunzi chilichonse, mpaka wina anakhosomola kumbuyo.

Koma sanaikometse nkhaniyo. Opikisana pa upulezidenti ankawadziwa chifukwa cha wailesi, ngakhale wailesiyo inali imodzi ndipo siteshoni ankasankha ndi nyapala, mkaidi woyang'anira anzake. A uphungu ndi ukhansala sankawadziwa ndi mmodzi yemwe. Iwo kwawo ndi cha ku Mayaka, koma ankasankha khansala wa dera limene kuli ndendeyo, kumene sanamwepo madzi a pa mjigo kapena kuyendapo msewu wake. "Ndinangochonga amene nkhope yake inkaoneka ya chifundo," anatero akuseka. Ndipo chisankho cha pulezidenti chija khoti litachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020 n'kulamula chibwereza, pa 23 Juni iwo anali atatuluka kale, koma dzina lawo linali m'kaundula wa komwe kuja. Sanapite. Sanafunse n'komwe ngati akanawalola kapena ngati pali njira yosamutsira dzina. Anati kungoganiza zoyang'anananso ndi geti lija miyendo inalobodoka.

Tebulo linafika kutatsala masiku anayi kuti chinkhoswe chichitike. Dziwani kuti mayendedwe sali mumtengo: pikapu yochokera ku Chinamwali kufika ku Matawale ndinalipira ndekha K15,000, ndipo zimenezi sanandiuze poyamba. Koma anakwera nawo okha, atakulunga makona ndi zofunda zakale, ndipo anakana kuti anyamata alikwekwerese pasimenti.

Ntchitoyo payokha ndi yabwino kwambiri. Pamwamba pali matabwa anayi a mbawa olumikizidwa bwino moti chikhadabo sichikodwa pamene akumana. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pake, poti kumeneko ndi kumene amisiri aulesi amabisa machimo awo: napo mposalala, ndipo anapakapo mankhwala a chiswe. Miyendo sanaikhomere misomali. Anaboola mwendo uliwonse n'kulowetsamo nsonga ya thabwa lopingasa, kuthira guluu, n'kukhomerapo kachikhomo ka mtengo. Anati mmisiri wachikulire amene anawaphunzitsa kundende ankati msomali ndi wa denga, osati wa tebulo. Bambo a kunyumba, amene ndi munthu wa thupi ndithu, analigwedeza ndi manja awiri kufuna kulipezera chifukwa. Silinasunthe.

Chakudya choyamba kudyera patebuloli chinasanduka bwalo la milandu. Tinali ine, bambo, ndi mwana wa achemwali awo amene akuphunzira zamalamulo ku Chanco. Nditafotokoza za voti ya amisiri aja, bambo anaika ntanda pansi.

"Munthu wathyola lamulo, ndiye akasankhenso opanga malamulo? Nanga chilango chili pati?"

"Amalume, chilango ndi kutsekeredwako," anatero mtsikanayo. "Jaji akati zaka 7, ndiye kuti zaka 7 za ufulu woyenda. Sananene kuti wasiya kukhala Mmalawi."

Anatifotokozera kuti gawo 77 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa ufulu wovota nzika iliyonse imene yakwanitsa zaka 18, ndipo oletsedwa kulembetsa ndi magulu atatu okha: amene lamulo lagamula kuti mutu wawo sukuyenda bwino, amene ali pa chilango cha imfa, ndi amene apezeka olakwa pa milandu ya chisankho, amenenso chiletso chawo chimathera pa chisankho chomwecho. Wakuba mbuzi, wothyola golosale, ngakhale amene ali m'ndende moyo wake wonse, lamulo silimuletsa. Bambo anadabwa. Ankaganiza kuti ndi chifundo chabe cha boma kapena zokakamiza za mabungwe.

Mtsikanayu akayamba sasiya. Anati ku Zambia akaidi anavota koyamba mu 2021, khoti litagamula kale kuti kuwaletsa n'kulakwa. Ku South Africa khoti lalikulu linagamula zomwezo mu 1999. Koma ku Britain, kumene tinatengera malamulo athu ambiri, mkaidi wina dzina lake John Hirst anapambana mlandu ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2005, boma n'kukhala zaka zoposa khumi likuzengereza, ndipo David Cameron ali nduna yaikulu ananena poyera kuti ganizo lopatsa akaidi voti limamudwalitsa. Apa bambo anawala kumaso. "Mwaona? Ngakhale azungu akugwirizana ndi ine."

Ine chimene chinandikhala pamtima ndi gulu lachiwiri lija, poti anthu ake ankakhala konkuno. Oweruzidwa kuti aphedwe ankasungidwa ku ndende yaikulu ya Zomba, ija yomangidwa mu 1935, imene timaidutsa tikamapita ku Blantyre osaitembenukira n'komwe. Dziko lino silinanyongepo munthu chiyambire 1992. Ndiye panali anthu amene ankakalamba m'menemo, osaphedwa, osatuluka, osavota, pamene mnzawo wa mlandu wofanana amene anapatsidwa moyo wonse m'ndende ankaponya voti. Komanso khoti litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti si aliyense wopha munthu amene ayenera kulandira chilango cha imfa, ambiri mwa iwo milandu yawo inaunikidwanso ndipo ena anatuluka. Ali m'midzi pano, akulima. Mzere umene lamulo linalemba pamenepa ine sundikhutiritsa.

Ndinakumbutsanso bambo kuti ife a ku Zomba tisamafulumire kunena kuti mkaidi ndi mkaidi basi. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko lino, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Jack Mapanje anamutenga ali mphunzitsi wa ku Chanco komweko mu 1987 n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Chakufwa Chihana anatuluka kutangotsala masiku ochepa kuti tivote pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

"Amenewo anali a ndale," anatero bambo. "Ine ndikunena akuba."

"Nanga amene ankasankha kuti uyu ndi wa ndale, uyu ndi chigawenga, anali ndani?" ndinawafunsa. Boma likakhala ndi mphamvu yochotsa munthu m'kaundula wa voti pongomutsekera, tsiku lina lidzaigwiritsa ntchito pa anthu amene silikuwafuna. Ndipo m'ndende zathu muli anthu ambiri a pa rimandi, amene khoti silinawapeze olakwa, ena akudikira mlandu zaka. Amenewo tiwalanda voti pa chifukwa chanji?

Bambo sanagonje. Anati mlandu suwola, ndipo anandifunsa mwachindunji ngati ndingakondwe kumva kuti amene anaba makina a mayi anga anavota tsiku limodzi ndi ine, voti yake n'kulemera chimodzimodzi ndi yanga. Ndinakhala chete kaye, chifukwa yankho loona ndi lakuti ayi, sindingakondwe. Koma kusakondwa kwanga si lamulo. Kumulanda voti sikungabweze makina aja. Ndipo wakubayo, kaya ali kuti, tsiku lina adzatuluka n'kudzakhala ku Chikanda, ku Sadzi kapena kuseri kwa nyumba yathu, ana ake n'kubwera m'kalasi mwanga.

Palinso china chimene ndachiona pa andale athu: amapita kumene kuli mavoti. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, n'kupatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse ndi theka. Papita zaka zoposa 15, ndipo nkhani ya kudzaza kwa ndende ikumvekabe pa wailesi. Ngati zili chonchi anthuwo akuvota, zikanakhala bwanji akanakhala kuti alibe n'komwe kapepalako?

Sindikunena kuti voti ndi imene inawasintha amisiri aja. Iwo eni akuti chinawasintha ndi sowo ndi mkulu uja amene ankawabwezera mpando katatu mpaka uwongoke. Ndiponso voti yoponya usakudziwa amene ukumuchonga ndi yoperewera. Ngati tikuwalola, tiwalole mokwanira: amve mfundo za opikisana onse, asadalire siteshoni ya nyapala, ndipo wotuluka athandizidwe kusamutsa dzina lake. Paja masiku ano kulembetsa kumafuna chiphaso cha unzika, ndipo amisiriwo akuti ambiri amalowa m'ndende chiphaso chitatsalira kumudzi kapena chitasowa pomangidwa.

Tibwerere ku tebulo. Chinkhoswe chinayenda bwino, ankhoswe a kuchimuna anafunsa kumene tinaligula. Patatha miyezi inayi, pamwamba sipanapindike ngakhale pang'ono. Ndaikapo rula yaitali ya kusukulu kuti nditsimikize. Mphika wotentha unasiya bwalo loyera pa vanishi, koma limenelo ndi vuto la mwana wanga wamwamuna, osati la amisiri. Vanishiyo ananunkha pafupifupi masabata awiri, ndikuganiza kuti anapaka mothamanga chifukwa cha kuchedwa kuja, moti pa chinkhoswe tinatsegula mazenera onse. Mpando umodzi unabwera ndi mwendo wautali pang'ono. Nditawaimbira anabwera mawa lake panjinga, n'kuudula pakhonde pomwepo, osalipiritsa. Mipandoyo ndi yolimba koma yowongoka kwambiri kumsana, agogo athu amaikapo pilo. Amene mukufuna yokhalapo nthawi yaitali muwauziretu aipendeketse pang'ono.

Ndingabwererekonso? Ndabwerera kale. Ndawapatsa ntchito ya kabati ya mabuku, ndipo ulendo uno tagwirizana kuti foni ikazima atume mnyamata adzandiuze. Langizo langa kwa amene mungapite: lembetsani zonse papepala, funsani za mayendedwe poyamba, musapereke ndalama yoposa theka, ndipo thabwa muliike patsaya nokha.

Chotsala ndi dilowa yakumanzere. Chiyambire mvula yafufuma, imatseguka mpaka pakati n'kukakamira, masipuni timachita kupisa ndi zala ziwiri. Ndinawaimbira sabata yatha. Anati ndisaikakamize ndipo asaipale panopa, chifukwa chinyezi chikatha idzakhala yogwedera. Ndipake kandulo m'mbali mwake, iwo adzaiona mu Meyi pobweretsa kabati.